Mayi telala wa kuseri kwa Taifa amene anatisokera mabulangete ndi zitenje za agogo

Anthu ambiri mwandifunsa za bulangete lija ndinafunda tsiku lovundukula chiliza cha agogo ku Ekwendeni, nde ndati ndingolemba kamodzi m'malo moyankha mmodzimmodzi, zabwino ndi zoipa zomwe, chifukwa zonse zilipo.

Agogo anatisiya mu July chaka chatha ali ndi zaka 92, nthawi ija Mzuzu amazizira mpaka mano kumagundana. Patapita miyezi azakhali anakoka thiranki yachitsulo imene inkakhala kunsi kwa bedi ku Chiputula, ija mdzukulu aliyense ankadziwa kuti ukangoikhudza khutu lako liona zakuda. Kutsegula, zitenje zokhazokha, zopinda bwinobwino, fungo la mankhwala a njenjete losakanikirana ndi utsi wa nkhuni, ineyo misozi pompo. Zabwinozabwino anagawana azimayi monga mwa mwambo, koma panatsala mulu wa zakale zoti sungavale pagulu, kutaya ayi sitingataye, nde msuweni wanga ndi amene anati bwanji tizidule tisoketse mabulangete a zigamba aliyense akhale ndi lake.

Atelala awiri oyamba anakana, wina anachita kundiuza kuti asisi ine zasanza sindisoka. Wachitatu ndi amene ndikumukambayu. Alibe chikwangwani, amasokera pakhonde la shopu ina kuseri kwa msika wa Taifa, makina opondera amodzi ndi ka ovaloko (komangira m'mphepete mwa nsalu) ka magetsi mkati, wakabaza aliyense wa pa depoti mukamuuza kuti mayi wosoka zigamba akufikitsani. Anandilandira ndi muli uli mama, nditayankha Chitumbuka changa chothyokathyoka cha munthu wokulira ku Lilongwe anaseka n'kusinthira ku Chichewa, manyazi kundigwira.

Chimene chinandigwira mtima n'choti sanathamangire kutchula mtengo. Anayala mphasa, n'kumatenga chitenje chimodzichimodzi, kuchikoka m'mbali ndi manja onse awiri, kuchikweza kudzuwa kuona ngati kuwala kukudutsa, ichi uku, ichi uko. China anati "mama ichi chatha, singano ikangolowa chisanduka sefa, koma m'mphepetemu muli moyo, tidula mmenemu." Zina zija za David Whitehead zakale anachita kuzisisita, akuti nsalu imeneyi ndi thonje lenileni, osati zopepuka zina zimene zadzaza m'misika masiku ano zoti ukachapa kawiri mtundu wapita. Kenako anatembenuza chitenje china n'kuona mpendero wosoka pamanja, timisoko tating'ono tofanana ngati mano a usipa, n'kundiyang'ana, "kodi agogo anuwa anali atelala?"

Sanali atelala a pakhonde ayi, koma kusoka kunali m'magazi. Agogo aamuna anabwera ndi makina a Singer kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela, ndipo Kamuzu ataletsa anthu kupita kumigodi mu 1974 pambuyo pa ngozi ya ndege ija ya ku Francistown, ndalama ya ku Joni inathera pompo, amene anadyetsa ana asanu ndi awiri ndi makina aja. Mayunifolomu a ana asukulu, madiresi a Khirisimasi, zikwama zosokedwa ndi matumba a feteleza zimene bambo anga mpaka lero amati ankachita nazo manyazi kusukulu koma anzawo ankawasirira. Kanthu sikankatayidwa pakhomo paja. Juzi ikatha ankaimasula ulusi wonse n'kulukanso zipewa za makanda, mipando yonse inali ndi tinsalu toluka, ngakhale wailesi inali ndi kake. Bulauzi yoyera ya Umanyano, bungwe lija la amayi a kutchalitchi, ankasita ndi simbi yamakala koma sindinaonepo kadontho ka phulusa, ine ndi ayironi ya magetsi ndimawotcha zovala mwezi ndi mwezi. Zonsezi ndinawafotokozera mayi aja atakhala phee akumvetsera, makasitomala ena akudikira, mwina n'chifukwa chake ntchito zawo zimachedwa kaya.

Nde tafika pa kuchedwako. Tinagwirizana mabulangete asanu, K38,000 limodzi, nsalu yamkati ndi siponji yopyapyala kugula ndekha mu Taifa momwemo, theka ndinalipiriratu pa Airtel Money. Anati masabata atatu. Anatenga asanu ndi awiri. Sabata yachinayi akuti magetsi, ine ndikuti mayi makina anu si opondera kodi, akuti ovaloko, chabwino. Yachisanu foni yozimitsa masiku atatu, ndinachita kukwera kabaza mvula yamawawa ija ya ku Mzuzu ikundinyowetsa, kukapeza atseka, mnzawo wapafupi akuti apita kumaliro ku Rumphi. Maliro sitingatsutse, koma ka meseji kamodzi kokha bwenzi mtima uli pansi, pajatu tsiku la chiliza linali litalengezedwa kale kutchalitchi ndipo abale ena anali atagula matikiti a basi kuchokera ku Blantyre. Bulangete lomaliza ndinakalitenga Lachisanu madzulo mwambo uli Loweruka m'mawa, ulusi wina ukulendewerabe, tinkadula ndi lezala m'galimoto.

China chimene sindinasangalale nacho poyamba, panali chitenje cha mbumba chija cha nkhope ya Kamuzu, agogo ankati anavina nacho kangapo. Ndinaiwala kunena kuti chimenechi asachidule pankhope. Zotsatira zake diso limodzi la Ngwazi lili pa bulangete langa, linalo ndi theka la chipewa zili pa la achimwene anga ku Zolozolo. Nditadandaula mayi aja anagwira pakamwa n'kuti "mama zikanakhala nthawi ijayi bwenzi a Youth atanditenga kale", tonse kuphulika kuseka, mkwiyo kuthera pompo. Komabe inu mukapita nenani momveka chimene simukufuna kuti lumo lidutsepo, osangoganiza kuti adziwa okha. Nsalu yamkati yofiira ija inasulukanso pochapa koyamba mpaka kudetsa zigamba ziwiri zoyera, koma apa mlandu ndi wanga, ananena kuti ndiichape kaye ndisanabweretse ine ndinachita ulesi.

Msoko wokha ndiye palibe chonena. Makona akukumana bwinobwino, zigamba zofooka anaziikira kansalu kena kunsi kuti zisang'ambike, ndipo sanangosakaniza mitundu mwachisawawa, zakuda anaziika m'mbali zowala pakati, ukaliyala pabedi limaoneka ngati munda wa maluwa. Langa ndalichapa katatu pamanja, palibe pamene pamasuka, ndipo June uno ndi limene landisunga.

Koma chimene ndawapatsira ulemu mayi amenewa ndi ichi. Mu mulu muja munali kadiresi ka mwana kosamaliza, ife sitinakaone n'komwe, dzanja limodzi losoka linalo longolumikiza ndi mapini atachita dzimbiri, mwina agogo anakayamba maso asanafooke n'kukasiya. Munthu wina akanangokadula n'kupanga zigamba zinayi. Iwo anandiimbira, tsiku lokhalo limene anayamba okha kuimba, "mama bwerani muone kaye ichi." Anakasokerera kathunthu pakati pa bulangete la azakhali, dzanja losamaliza lija analisiya choncho, anangochotsa mapini n'kugwiriziza ndi ulusi woyera kuti msoko wa agogo uzioneka pawokha ndi wawo pawokha. Sanawonjezere ngakhale tambala pa mtengo. Azakhali atalitambasula ku Ekwendeni anakazindikira pompo, akuti kanali ka mdzukulutuvi woyamba wa agogo amene pano ali Fomu 2, anakhala pansi pa udzu osayankhula kanthu, amayi a Umanyano n'kuyambitsa nyimbo.

Nde ngati muli ndi nsalu za malemu ndipo simukuthamangira tsiku, pitani, koma tsiku lenileni la mwambo musawauze, chotsanipo mwezi wathunthu. Chapani zonse musanapite nazo, ndipo muzikaonekera nokha sabata ndi sabata chifukwa pafoni simuphula kanthu. Pa zisanu ndikuwapatsa zinayi, imodziyo yapita ndi kabaza wa mu mvula uja.

Singer ya agogo mayi telala aja anaifunsa kuti tiwagulitse, azakhali anakana asanamalize n'komwe kuyankhula. Lamba wake anaduka kalekale, mayi aja andilozera bambo wina wokonza makina mumsika waukulu, Loweruka ndikukaisiya kumeneko ngati ndipeze wondithandiza kunyamula chifukwa chitsulo chake si chamasewera.