Maikulosikopu ya maso awiri italawa dzinja ndi chilimwe cha ku Ngabu

Nditangogula maikulosikopuyi, chida chokuzira tinthu ting'onoting'ono kuti tioneke bwino, ndinaiyamikira kuti ndi yotsika mtengo komanso yosavuta kwa munthu wongoyamba kumene. Tsopano yadutsa m'mvula, m'mwera ndi m'kutentha kwa Okutobala, ndipo ikugwirabe ntchito bwino, koma malo athu ano sakuikomera mtima.

Ndi ya mtundu wa stereo, yoonera ndi maso onse awiri, yokuza ka 20 ndi ka 40. Ntchito yambiri imathera pa 20. Pa 40 malo ooneka amachepa, kachilombo kakangoyenda pang'ono kasowa, ndiye uzingothamangitsana nako. Phindu lake ndinalionera pa tsamba la tomato wa kudimba lomwe linkangooneka ngati lathiridwa fumbi kunsi kwake. Pansi pa galasi linali mudzi wa akangaude ofiira, aliyense wosapitirira theka la milimita, miyendo isanu ndi itatu, ulusi woyalidwa ndi mazira obulungira ali mbuu. Pa mbozi za fall armyworm zomwe zavuta chimanga ndi mapira kuyambira cha m'ma 2017, chizindikiro cha Y yozondoka pamutu ndi madontho anayi kumchira zimaoneka mbozi isanakule. Pa thonje ndimasiyanitsa nsabwe zamoyo ndi zija zotupa zouma zomwe mavu ang'onoang'ono aikiramo kale mazira, zomwe zimathandiza poganiza ngati kupopera mankhwala kukufunikadi.

Anansi ena amabwera ndi funso loti kodi ingayeze malungo. Ayi ndithu, iyi sionetsa tizilombo ta m'magazi. Zimenezo zimafuna maikulosikopu ya kuchipatala yokuza mpaka ka 1,000.

Mdani wamkulu kuno ndi fumbi ndi chinyezi. Kachikwama ka pulasitiki komwe inabwera nako kanauma n'kung'aluka ndi kutentha. Komanso pulasitiki yotere imasunga chinyezi m'dzinja, ndipo chuku chikamera pagalasi chimaluka timizu toyera tomwe timadya utoto woteteza galasilo mpaka kalekale. Yanga imagona m'ndowa yotseka bwino limodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo timapaketito ndimatiumitsa pafupipafupi. Fumbi ndimayamba kulichotsa ndi kampira kopopera mpweya, kenako kansalu kofewa ka magalasi a m'maso. Fumbi la kuno ndi mchenga weniweni, ukalipukuta ndi malaya walemba galasi. Dothi kapena nankafumbwe ndimaika m'kambale, osati pa mbale ya maikulosikopuyo.

Zofooka zilipo. Chopotokolera chokwezera ndi kutsitsira mutu wa maikulosikopuyi chinayamba kulefuka, mutuwo n'kumatsetsereka wokha ndili mkati moona. Mwamwayi pali kamphete komangira pambali pake, ndipo kanathetsa vutolo. Timipira totchinga maso tinayamba kunanda m'masiku aja kutentha kumapitirira madigiri 40, moti ndinangotichotsa. Nyale ya LED yam'mwamba ndi yokwanira, yapansi siigwira ntchito kawirikawiri chifukwa tsamba kapena njere sizilola kuwala kudutsa. Mabatire akewo ndi omwe amaipulumutsa magetsi akazima, koma ndimawachotsa ikamakhala masiku osagwira ntchito, poti akatentha amatuluka madzi n'kudya tizitsulo.

Kwa kalabu ya alimi kapena sukulu ya ku Chikwawa ndi Nsanje, ndinganene kuti gulani, bola ikhale ya thupi lachitsulo, ndipo pa bajeti muikepo ndowa ndi kampira kaja.