BF16, FP16 ndi FP8 patatha miyezi 8 pa RTX 3060

Kompyutayi ili mu kaofesi kena ku Highfield, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Ili ndi khadi ya zithunzi (GPU) ya RTX 3060 ya 12 GB, ndipo ntchito yake ndi kuphunzitsa model yomva Chichewa ndi Chishona n'kulemba zomwe yamva. BF16, FP16 ndi FP8 ndi njira zosungira nambala m'kompyuta, ndipo pofika pano BF16 ndiyo timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku pophunzitsa. FP16 tinaisiyira model yophunzira kale.

BF16 ndi FP16 zonse zimatenga ma bit 16 pa nambala iliyonse, theka la FP32 (njira ya ma bit 32), koma kagawidwe kake n'kosiyana. FP16 imapereka 5 ku exponent (yonena kukula kwa nambala) ndi 10 ku mantissa (yosunga manambala enieniwo mwatsatanetsatane), ndiye nambala yake yaikulu ndi 65504 basi, kupyola apo imasefukira n'kukhala inf (nambala yopanda malire). Mumafika m'mawa n'kupeza loss (muyezo wa kulakwitsa kwa model) yalemba NaN, kutanthauza kuti si nambala, mzere uliwonse, batire la inverter litathera pachabe usiku wonse. Nakonso kumunsi kuli dzenje: ma gradient (nambala zouza model mosinthira) ang'onoang'ono kwambiri amangosanduka 0. Pofuna kupewa zimenezi, GradScaler, chida cha mu pulogalamu yophunzitsira ya PyTorch, imayamba ndi kuchulukitsa loss ndi 65536, ikaona inf imadumpha sitepeyo n'kudula chochulukitsiracho pakati. Imathandiza ndithu, koma nambala zikasefukira mkati mwa attention, chigawo china cha model yeniyeniyo, ilibe chochita.

BF16 ili ndi exponent ya ma bit 8 ngati FP32, moti sisefukira chisawawa. Vuto lake ndi mantissa ya ma bit 7 okha, ndipo limabwera mwakachetechete. Yesani 256 kuphatikiza 1 mu BF16: yankho ndi 256. N'chifukwa chake ma weight (nambala zomwe model imaphunzira) akasungidwa mu BF16 yokha, kusintha kochepa kumamezedwa, loss imangoima osatsika, popanda uthenga wa cholakwika. Siyani ma weight ndi optimizer (yomwe imasintha ma weight) mu FP32, autocast ya PyTorch isamalire kuchulukitsa ma matrix mu BF16. Kuwonkhetsa kulikonse kwakutali kuchitikenso mu FP32. Zowerengera ndalama, kaya ZiG ya ku Zimbabwe kaya madola, musaziyandikize n'komwe kuno.

FP8, ya ma bit 8, khadi yathu ya RTX 3060 siiwerengera, pamafunika makhadi ngati RTX 40 kapena H100. Mtundu wa FP8 wotchedwa E4M3 umathera pa 448, choncho tensor (gulu la nambala) iliyonse imafuna scale, chochulukitsira chakechake. Phindu lake pano ndi malo okha: model ya ma parameter 7 biliyoni imadya 14 GB mu BF16, sikwana, pomwe mu ma bit 8 ndi 7 GB.

Amene mukusaka makhadi akaunjika m'tauni, GTX 1080 ilibe BF16, ndipo FP16 yake imachedwa kuposa FP32.