Kutumiza ndalama ndi katundu kumudzi: zomwe ndaphunzira kwa Ajava a ku Den Haag

Abale amene muli kuno ku Netherlands, mwakhala mukundifunsa momwe ndimatumizira kangachepe kumudzi. Ndiyambe ndi mayi oyandikana nawo nyumba, chifukwa ndiwo ananditsegula m'maso.

Mayiwa ndi Mjava wa ku Suriname, dziko la ku South America lomwe linkalamulidwa ndi Adatchi. Makolo awo anatengedwa ku Java, chilumba cha ku Indonesia, ndi Adatchi kukagwira ntchito m'minda ya nzimbe, kuyambira 1890 mpaka 1939, anthu pafupifupi 33,000. Pomwe Suriname inkalandira ufulu mu 1975, ambiri anasamukira kuno. Zaka zonsezi mwambo sanautaye. Munthu akamwalira amachita slametan, chakudya chomupempherera, pa tsiku la 7, la 40, la 100 mpaka la 1,000. Ine zimandikumbutsa sadaka ya kwathu ku Mangochi. Ndalama za zonsezi amasonkherana, ndipo ali ndi chipereganyu chawo chomwe ku Suriname amachitcha kasmoni. Kuthandizana kotereku amakutcha gotong royong.

Tsiku lina anandipeza ndikumata kabokosi ka mayi anga. Anati: "Mwanangu, bokosi satumiza munthu mmodzi." Iwo amalongedza limodzi lalikulu mabanja angapo, lipite pa sitima ku Paramaribo, likulu la Suriname. Nafenso tinayesa amayi asanu kutumiza ku Malawi, mtengo tinagawana. Sitima imachedwa, katundu amadzera ku Beira kapena Dar es Salaam kenako pa thiraki, ndiye za Khirisimasi tumizani kudakali nthawi, ndipo msonkho wa MRA muuwerengeretu. Lembani dzina pa chilichonse, ndipo pasakhale wobisa zomwe waikamo. Kale ndinapereka mabulangete kwa bambo wina amene ndinamupeza pa WhatsApp, opanda lisiti. Anafika patatha miyezi isanu ndi iwiri atachita nkhungu, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Za ndalama, ine ndimakonda WorldRemit kupita ku Airtel Money. Mayi anga amangopita kwa ejenti pamsika, osakwera minibasi. Western Union ndimaigwiritsa ntchito ikakhala ndalama yambiri, monga ya fizi, koma dzina lifanane ndendende ndi la pa chitupa. Musamangoyang'ana ndalama yomwe akudula. Onani makwacha amene akafike m'manja mwa wolandira, chifukwa kusiyana kwenikweni kumabisala pa reti.

Chipereganyu chathu tinayamba mwezi wa Marichi. Amene walandira amatumiza kamodzi ndalama yooneka, m'malo modulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo timasiyako pang'ono ya maliro. Malo awiri adakalipo.