Mabatire a kamera ya m'nkhalango: alkaline, lithium kapena NiMH?

Mlenje wa ku Wisconsin kapena ku Minnesota, kumpoto kwa dziko la United States, amene amamangirira kamera pamtengo kuti adziwe njira za mbawala za mtundu wa whitetail amadziwa kuti mwezi wa November, pamene zamphongo zimayendayenda kufunafuna zazikazi, ndi nthawi yomwenso chisanu chimayamba kuluma. Kamera ikazima masiku amenewo, khama la chaka chonse lalowa m'madzi.

Mabatire a alkaline amakopa chifukwa ndi otchipa ndipo amapezeka m'sitolo iliyonse, koma mphamvu yawo ya mavoti 1.5 (1.5 V) imayamba kutsika tsiku lomwelo mwawaika, ndipo kukazizira kwambiri amafookeratu. Chizindikiro choyamba chimaoneka pa zithunzi za usiku: nyama imangooneka ngati chithunzithunzi mumdima, nyanga zake osawerengeka. Choipitsitsa n'chakuti akakhalitsa amatulutsa ufa woyera umene umadya tizitsulo ta m'kati mwa kamera. Ine ndimangowalola m'chilimwe basi.

A lithium, monga Energizer Ultimate Lithium, amagwira ntchito ngakhale kuzizire kufika pa -40 °C, ndi opepuka, ndipo mphamvu yawo imakhala yosasinthasintha mpaka kumapeto. Mtengo wake ndi wowawa, makamaka pa kamera yolowa mabatire 8 kapena 12. Komabe muwerengerenso kuti ulendo uliwonse wokasintha mabatire umasiya fungo la munthu pamalopo, ndipo yamphongo yaikulu ikanunkhiza fungolo imatha kusintha njira kapena kuyamba kudutsa usiku wokha. Chenjezo langa ndi limodzi: musakhulupirire chizindikiro cha batire pa kamera, pakuti chimaonetsa kuti ndi odzaza kufikira atatsala pang'ono kutheratu, kenaka kamera n'kuzima mwadzidzidzi.

A NiMH, monga Eneloop a kampani ya Panasonic, amatchajidwa kambirimbiri, motero ndalama zake zimabwerera. Vuto lake n'lakuti lililonse limapereka 1.2 V yokha, kotero 8 amakwana 9.6 V m'malo mwa 12 V, ndipo makamera ena amazima msanga poyesa kuti mabatire atha. Ngati kamera yanu ili ndi posankhira mtundu wa batire, sankhani NiMH musanatseke chitseko. Amenewa amayenera kamera ya pafupi ndi nyumba kapena m'mphepete mwa munda wa chimanga, imene mumaiyendera kawirikawiri.

Kamera yotumiza zithunzi pafoni imadya mphamvu kuposa makamera ena, ndipo imeneyo ndi bwino kuilumikiza ku sola kapena ku batire yakunja ya 12 V. Mulimonsemo, musasakanize mabatire atsopano ndi akale, ndipo lembani tsiku limene mwawaika pa kapepala komata m'kati mwa chitseko cha kamerayo.