Digiri yachiwiri ya zamafilimu: South Africa, Britain kapena Lusaka?

Munthu wa mu Blantyre amene anatsiriza digiri yoyamba, kaya ya utolankhani ku MUBAS kapena ya zisudzo ku Zomba, akafuna kuzama pa luso lolemba nkhani ndi kujambula mafilimu amamva njira zitatu zikutchulidwa kawirikawiri: Lusaka, Britain ndi South Africa. Njirazi sizipereka chinthu chofanana, choncho kuziyerekeza pongoona kutchuka kwa dzina la sukulu n'kudzisocheretsa.

Ya ku Lusaka ndi yachidule kufotokoza. MultiChoice Talent Factory, sukulu ya zamafilimu ya kampani ya MultiChoice, inayamba mu 2018 ndipo ili ndi nthambi ku Lusaka, Nairobi ndi Lagos. Maphunziro ake sapitirira chaka chimodzi, wophunzira salipira fizi, ndipo amagwira kamera ndi zida zenizeni m'dziko limene Chinyanja chimamveka pamsika. Koma imeneyi si digiri yachiwiri, kotero siingamufikitse kutali munthu wofuna kudzaphunzitsa pa yunivesite.

Ku Britain n'kumene mitima ya ambiri imathamangira. National Film and Television School ya ku Beaconsfield, imene inatsegulidwa mu 1971, imafuna kuti wophunzira asankhiretu gawo limodzi, monga kutsogolera filimu, kamera, mawu kapena kulemba, n'kukhala pomwepo zaka ziwiri. London Film School, yomwe inayamba mu 1956, imamudutsitsa wophunzira wa kapangidwe ka filimu m'magawo osiyanasiyana, nayonso kwa zaka ziwiri. Vuto lagona pa ndalama. Thandizo la boma la Britain lotchedwa Chevening, limene Amalawi ambiri amadalira, limalipirira digiri yachiwiri (masters) ya chaka chimodzi chokha, limafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndiponso limamulamula kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri akatsiriza. Maphunziro a zaka ziwiri aja ndiye kuti agwa kale. Otsala ndi monga a kalembedwe ka nkhani ya filimu (script) ku London Film School, amene ndi a chaka chimodzi. Kudzilipirira mapaundi kuchokera m'thumba, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo ndalama zakunja n'zosowa m'mabanki, ndi nkhani ya mabanja owerengeka.

Palinso china chimene wolemba ayenera kuchilingalira. Mphunzitsi wa ku London adzakuthandizani kwambiri pa kamangidwe ka nkhani, poyambira mkangano ndi pamene uyenera kufika pachimake. Koma mukalemba gawo limene mkamwini wakumana ndi apongozi ake aakazi panjira, iye n'kupatukira patchire, mayiwo n'kunjuta chapatali akuyankha moni nkhope atayang'ana kumbali, mphunzitsiyo angaganize kuti awiriwa anayambana, n'kukulangizani kuti muwonjezere mawu ofotokoza. Mukamvera, gawolo lafa. Wopita kumeneko apite akuidziwa kale nkhani yake.

Kwa wofuna kujambula, ine ndimaona South Africa ikuposa. AFDA, sukulu yomwe si yaboma, inayamba mu 1994 ku Johannesburg ndipo tsopano ili ndi nthambi ku Cape Town, Durban ndi Gqeberha. Mphamvu yake ili pa kupanga filimu yeniyeni ndi gulu. Yunivesite ya Wits ya ku Johannesburg ndi University of Cape Town zimatsamira kwambiri pa kafukufuku, zomwe zimakomera wofuna uphunzitsi. Pansi pa pangano la SADC la zamaphunziro la 1997, Mmalawi pa mayunivesite aboma amalipira fizi yofanana kapena yoyandikira ya nzika, kuonjezerapo ndalama zina za ophunzira akunja, pamene ku AFDA mtengo amaika okha. Masatifiketi anu ayenera kukaunikidwa kaye ndi SAQA, bungwe la ku South Africa loona za masatifiketi, ndipo ena amauzidwa kuti ayambe ndi chaka cha honours, chimene chimakhala pakati pa digiri yoyamba ndi yachiwiri.

Ubwino waukulu ndi kuyandikira. Basi yonyamuka ku Wenela kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge imakufikitsani ku Johannesburg popanda tikiti ya ndege, motero n'zotheka kubwera kudzajambula kunyumba. Ndipo kujambula ku Ndirande, kumene jenereta ya oyandikana nawo ikulira, oitanira minibasi akukuwa ndipo magetsi angazime pakati pa ntchito, kumafuna munthu amene anaphunzitsidwa ndi zida zochepa m'malo aphokoso, osati m'situdiyo yotsekeka bwino. Tisaiwale kuti Shemu Joyah, amene filimu yake inatumizidwa kukaimira Malawi ku Oscars mu 2018, ntchito imene anaphunzira ndi yoyeza malo.

Musanalipire kalikonse, alembereni a sukuluyo kuti akuyankheni momveka ngati filimu yomalizira maphunziro mungaijambulire ku Malawi m'Chichewa, amene adzalipire zida ndi ochita sewero, komanso amene adzakhale mwini wake wa filimuyo, pakuti sukulu zina zimasunga umwini wa ntchito za ophunzira, zomwe zingakulepheretseni kuigulitsa ku MBC kapena ku Times.