Mastazi ya uinjiniya: ku Britain kapena ku South Africa?

Anzanga amene munamaliza digiri yoyamba ku MUBAS kapena ku MUST ndipo mukufuna kukawonjezera sukulu, funso loyamba si lakuti yunivesite iti ndi yotchuka. Funso ndi lakuti adzalipira ndani.

Ku Britain mastazi ya m'kalasi ndi ya chaka chimodzi. Mumalowa mu Seputembala kapena Okutobala, mumaphunzira mpaka mayeso, kenako miyezi yotsala mumalemba pulojekiti. Ubwino wake ndi wakuti kuntchito simusowako nthawi yaitali. Koma fizi ya wochokera kunja m'mayunivesite odziwika imapitirira mapaundi 25,000, musanawerengere lendi. Ndi kwacha yathuyi, n'kovuta kutulutsa ndalama zotere m'thumba. Ambiri amadalira masikolashipi monga Chevening, Commonwealth kapena Beit Trust, yomwe imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe basi. Chevening imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Amene mumtima mwake akufuna kukatsalira komweko asadzinamize.

Ku South Africa nkhani ya ndalama ndi yopepukirako. Chifukwa cha pangano la SADC la 1997 la zamaphunziro, mayunivesite aboma monga Cape Town, Wits ndi Pretoria amalipiritsa Mmalawi fizi yofanana ndi ya eni dziko, n'kuwonjezerapo kandalama ka ophunzira akunja. Chaka chimayamba mu Febuluwale. Chotopetsa ndi mapepala: satifiketi yanu iyenera kuunikidwa kaye ndi SAQA, bungwe la ku South Africa lounika masatifiketi, ndiye musadikire Disembala.

Koma kusiyana kwenikweni kuli pa kaphunziridwe. Ku Cape Town, mastazi ya uinjiniya yotchedwa MSc(Eng) mukhoza kuichita ya kafukufuku yekhayekha, ndipo ambiri imawatengera zaka ziwiri. Palibe belu, palibe wokuitanani. Muli inu, supavaiza wanu, ndi zidutswa za konkire zimene mukuziphwanya pa makina m'labu mpaka manambala agwirizane. Mukapeza supavaiza wabwino, mumatuluka mukudziwa chinthu chimodzi mozama, mwinanso ndi pepala losindikizidwa. Mukapeza wotanganidwa, zaka ziwiri zimasanduka zitatu. Choncho mulembereni musanafunsire malo, muone ngati amayankha. Chaka cha ku Britain chimakupatsani maphunziro ambiri osiyanasiyana, koma mothamanga. Pulojekiti ya miyezi itatu siikusandutsani wofufuza.

Samalaninso ndi MEng. Ku South Africa ndi mastazi (ku Cape Town ndi yokhala ndi makalasi), pamene ku Britain nthawi zambiri ndi digiri ya zaka zinayi yolowa ochokera kusekondale. Ku Britain inu muziyang'ana MSc.

Ine ndimaona chonchi. Amene ali pantchito ya misewu, madzi kapena magetsi ndipo akufuna kukwera udindo, apite ku Britain ngati wapeza sikolashipi. Popanda imeneyo, ngongole yake siidzabwezeka ndi malipiro a kuno. Amene akufuna kudzaphunzitsa kapena kupitiriza PhD, kapena akudzilipirira yekha, South Africa imuyenera. Mulimonsemo, mastazi siilowa m'malo mwa kulembetsa ngati injiniya. Kuti musaine mapulani kuno mufunika Malawi Engineering Institution, ku South Africa ECSA, bungwe lolembetsa mainjiniya kumeneko, ndipo onsewa adzafunsa za ntchito imene munagwira pansi pa injiniya wolembetsedwa.