Martin D-28, Gibson J-45 kapena Taylor 814ce: lisankhe ndi dzanja lanu

Anzanga okonda gitala, magitala atatu awa onse ndi abwino, koma salira mofanana ndipo safuna dzanja lofanana. Musanatengeke ndi dzina lolembedwa kumutu kwa gitala, dziwani kaye kalizidwe kanu.

Martin D-28 ndi chimphona. Mtundu wa thupi lake umatchedwa dreadnought, ndipo kampani ya Martin ya ku Nazareth, Pennsylvania, m'dziko la America, inayamba kuigulitsa m'dzina lake mu 1931. Thabwa lakutsogolo ndi la spruce, kumbuyo ndi m'mbali ndi rosewood. Mukamenya kodi ya G (kodi ndi nsambo zingapo zolizidwa pamodzi) ndi piki, kachipangizo kokhwatchira nsambo, besi imagunda mpaka kuimva m'chifuwa, ndipo mawu amachedwa kuzilala. N'chifukwa chake oimba bluegrass, mtundu wa nyimbo za ku America, samaisiya: pakati pa banjo ndi zoimbira zina zaphokoso, iyo imamvekabe. Koma imafuna mphamvu. Nsambo zake n'zotalika mainchesi 25.4, motero n'zokungika, ndipo mukamangozisisita ndi nsonga za zala thabwa lalikululo silidzuka bwinobwino. Munthu wa thupi laling'ono akailiza atakhala pansi, phewa lamanja limayamba kuwawa msanga.

Gibson J-45 ndi imene mtima wanga umakondera, sindibisa. Inatuluka mu 1942 pa mtengo wa madola 45. Mapewa ake ndi ozungulira, kumbuyo ndi m'mbali ndi mahogany, ndipo nsambo zake n'zofupikirapo, mainchesi 24.75. Kusiyanako kumaoneka kochepa papepala, koma dzanja lamanzere limakumva nthawi yomweyo: mafreti, tizitsulo topingasa pakhosi la gitala, ayandikana, nsambo zafewa, kodi ya F imene imasautsa ophunzira ikugwirika mosavuta. Mawu ake ndi ouma, amphamvu pakatikati, ndipo nsambo ikalira imatonthola msanga. Ena amati kumeneko n'kufooka. Ine ndimati ndi ulemu umene gitalayi imapereka kwa woimba, chifukwa imasiyira liwu la munthu malo. Ngati mumaimba pakamwa uku mukudzilizira nokha, yesani kuimba vesi imodzi pa D-28 kenako pa J-45. Pa yoyambayo mudzapezeka mukukweza mawu kuti mupambane besi, pa yachiwiriyi mudzangoimba.

Taylor 814ce ndi ya m'badwo wina. Thupi lake la Grand Auditorium, limene Taylor inalitulutsa mu 1994, ndi lowonda m'chiuno, choncho limakhazikika bwino pantchafu. Khosi ndi lopyapyala, thupi analidula pansi pa khosi kuti zala zifike mafreti akumtunda, ndipo ili ndi zamagetsi zolumikizira ku sipika. Kuyambira 2018 mkati mwake amaikamo timitanda tochirikiza thabwa mwanjira ya V-Class. Nsambo iliyonse imamveka payokhapayokha, mowala, ngakhale mwaikhudza pang'ono chabe. Kwa woliza ndi zala, kapena wojambula nyimbo mu situdiyo, zimenezi n'zamtengo wapatali. Chimene imasowa ndi kulemera kwa mawu: mukaimenya mwamphamvu ndi piki, kuwalako kumasanduka kuthwa. Komanso siibisa cholakwa, chala chikaterereka aliyense amamva.

Tsono kwa amene mukungoyamba kumene, musadzipweteke ndi zitatuzi. Yamaha FG800 ili ndi thabwa lakutsogolo la spruce lathunthu, osati lomatikiza, ndipo thabwa limenelo ndi limene limapanga mbali yaikulu ya mawu a gitala. Kumbuyo ndi m'mbali n'zomatikiza, inde, koma zimenezo zimaithandizanso kupirira nyengo ikamasinthasintha. Ipititseni kwa wokonza magitala atsitseko nsambo kuti zisatalikire khosi, muikemo nsambo zopepuka, ndipo muilize mpaka mutadziwa ngati dzanja lanu lamanja limakonda piki kapena zala.